Kapini ka Njoka Kamene Munatumizira Amayi

Achimwene ba Yohane,

Ndikhulupirira muli bwino ku Scotland uko. Kuno ku Matero tilipo, kupatula amayi amene bipi yawakwera, ndipo chifukwa chake ndinu.

Kapini kasiliva kaja munatumiza, kamene munati nkofanana ndi zomangira zovala za anthu akalekale a kumeneko, amayi anakavala Lamlungu kutchalitchi pa bulauzi yawo yoyera. Ankanyada kuti mwana wawo wawakumbukira. Kodi inu simunaone kuti pakapinipo pali njoka yodzipiringiza? Ba Mulenga, amene amakhala nawo benchi limodzi, atangokaona anakuwa kuti, "Ivi ni va Satana!" Akulu a mpingo anawatulutsa amayi nyimbo ili pakati. Tsopano pamsika anthu akulambalala tomato wawo, akuti mwana wawo amene ali kunja analemera ndi njoka.

Musatiuzenso za mbiri ya siliva wakale. Imbirani abusa foni sabata ino, mufotokoze nokha. Pamaliro a atate simunabwere, lero mwatitumizira njoka.

Mulungu akusungeni. Kapiniko ndinafuna kukaponya m'chimbudzi, koma amayi akukaniza. Akuti ndi chokhacho chimene mwana wawo anachigwira ndi manja ake.

Ine mlongo wanu,
Tisiyenji