Mchere wa Loweruka

Loweruka, 18 Juni 1983

Nyanja yalowa m'nyumba mwanga lero. Ine Otilia wa kwa Mlolo, amene nyanja ndimangoimvera kwa anthu.

Amuna anga a Kaitano abwera nayo pa thirakita ya kampani, anzawo a kufakitale ya shuga atagwirizira uku ndi uku ngati anyamula mazira. Bokosi lagalasi, lalitali ngati tebulo la makina anga osokera. M'kati mchenga woyera, miyala yobookabooka, ndi tinsomba takuda bii, kukula ngati chala. Mwini wake Bwana Piyere, injiniya wa ku Morishasi uja. Ntchito yake yatha, akupita kwawo, m'ndege salola. Ndiye wasiyira a Kaitano, fitala wake wa makina, amene ankamukonzera kapampu kophulitsa thovu m'madzimo.

Malangizo ake: kapampu kasazime, ndipo Loweruka lililonse kutungamo ndowa imodzi ndi kubwezeramo ina yosungunuliramo mchere wamiyala, makapu awiri. Ndinaseka mpaka misozi. Nsomba yothiriratu mchere isanafe. A Kaitano akuti, "Izi n'zakuseri kwa Beira, madzi a mu Shire sizingawathe."

Ndalawa ndi chala. Msuzi weniweni.

Ntchito ya mchereyo ndalanda ine, aliyense asakhudze. Madiresi a amayi a Chipani ovina pa 6 Julaye ali mbwee pampando, osasokedwa. Ndakhala pagalasi mpaka msana kuwawa.

Lachinayi, 23 Juni

Zimabereka! Osati mazira ayi. Kubereka kwenikweni.

Ndimathira gaga m'mawa, ndikuona ija yamimba yaikulu yabisala kuseri kwa mwala, ikunjenjemera. Kenaka kanthu kakuda phuu, kutuluka, kuwongoka, n'kuyamba kusambira pompo ngati kakudziwa kale njira. Kena. Kenanso. Ndinafuulira Fatuma wa nyumba yoyandikana nayo, mkazi wa kapitawo wa odula nzimbe, anabwera ndi thovu la sopo m'manja. Tinagwada pasimenti ngati tili mu tchalitchi, iye Msilamu ine Mkatolika. Fatuma akuti, "Iyi nde siinafune azamba."

Pofika masana pakhomo ngati pa kanema. Ana a mzere wonse mphuno pagalasi, ndapukuta mamina kawiri.

Atapita onse ndinalira pang'ono. Zaka zisanu ndi chimodzi m'banja, anzanga onse ndi amake uje, amake uje, ine ndikadali Otilia. Fatuma yekha ndiye sandifunsa, chifukwa amadziwa kale. Ndikakhala kumwezi ndi iye amene ndimamuitana kudzandithirira mchere m'ndiwo, poti ndilibe mwana woti ndimutume. Amangothira, n'kundigwira paphewa, n'kumapita.

Koma tiana take kukongola. Maso okhaokha.

Lamlungu, 3 Julaye

Alamu a Saulos, akulu awo a a Kaitano, anafika dzulo kuchokera kumudzi. Nsomba anaziyang'ana kamodzi, akuti, "Zoweta zosadya, nzeru za azungu."

Uthenga wawo adaunena pakhonde, ine ndili kuseri kwa chitseko ndi singano m'manja. Amayi awo abwera mu Ogasiti. Akuti chuma chidaperekedwa kalekale, ng'ombe zidaoneka, mwana sakuoneka. Ndiye akulu agwirizana kuti akapemphe kwathu mng'ono wanga Helena adzalowe m'nyumba muno, adzaberekere mkulu wake. Amayi anga sangakane, ng'ombezo zidapita kale ku ukwati wa achimwene.

Helena. Akulemba mayeso a Fomu 2 mwezi uno, akufuna unamwino. Amakomoka akaona nkhuku ikuphedwa koma akuti adzazolowera.

A Kaitano ndinamva akuti, "Ife tidakwatira mu tchalitchi." Kenaka anasintha nkhani. Munthu wabwino, koma pamaso pa amayi ake amafewa ngati nthochi yakupsa.

Sindikufuna kulemba zambiri. Madiresi ndamaliza.

Lachinayi, 14 Julaye

Walira mvula walira matope. Zaberekanso zitatu. M'galasi muli bii, kuwerenga n'kudzivuta. Zazikulu zayamba kumeza tating'ono, ndaona ndi maso anga, ndinamenya galasi ndi chikhatho. Ndapatula tina m'beseni losambira, tina mu mtsuko. A Kaitano akusambira m'chitini, akung'ung'udza.

Mchere ukutha ngati tili ndi maliro. Wa m'golosale akundiyang'ana ngati ndikugulitsa mwamseri.

Nanga nditani nazo? Ndinagawira amayi a mzere uno m'mabotolo, ndi malangizo onse. Mai Jenipher adaona kuti mchere n'kuwononga, adathira madzi a pampopi okhaokha, m'mawa zonse mimba m'mwamba. Wina mphaka. Wina mwana wake adathiramo shuga kuti zisangalale. Zatsala za Fatuma zokha.

Kuzitaya mu ngalande ya kuminda ya nzimbe? Ndinapita nazo m'chitini mpaka pamlatho. Madzi amatope, kakowa ataima poteropo kudikira. Ndinabwerera nazo. Anthu a panjira ankangoti mayiyu mutu.

Masawu ayamba kumsika. Ndadya mbale yonse ndekha, owawasa aja. Mano akuchita dzanzi.

Loweruka, 30 Julaye

Takangana.

Ndinapita kukayeza diresi la ukwati kwa mwana wa a Ezekiel. Pobwera, fungo lindilandira kumsewu. A Kaitano atunga za m'beseni, akazinga ndi tomato. Akuti, "Matemba ndi matemba, ndipo mchere sindinathire, udalimo kale." Ankaseka. Ine osalowa n'komwe m'nyumba, ndinasanza pa mpanda wa Fatuma.

Ndinawanenera mawu oipa. Ndinati m'nyumba muno chobereka chili chimodzi chokha, ndiye mukuchikazinga. Anasiya mbale, n'kupita ku shifiti osadya. Mphaka ndiye wadala.

Madzulo anabwera ndi botolo lalikulu la asidi wa kufakitale, lotsukatsuka bwino, lodula pakamwa. Akuti muzilereramo tating'ono. Kupepesa kwawo n'komweko.

Phulusa la nzimbe zootcha likugwa ngati mvula, ndavundikira galasi ndi nsalu. Asisitere a kuchipatala cha mishoni ati angakonde zina m'chipinda cha ana, koma alibe galasi. Aphunzitsi akuti tidikire sukulu itsegulidwe. Pofika nthawi imeneyo tidzakhala tikugona panja, nsomba zili pabedi.

Thupi lolemera masiku ano. Tulo masana. Sindikuganiza kanthu. Ndidaganizapo kale kawiri, ndidachita manyazi.

Lachinayi, 11 Ogasiti

Afika. Apongozi anga Mai Clotilda, ndi dengu la mbatata ndi nkhuku yomangidwa miyendo. Ndinawagwadira, ndinawalandira katundu, ndinawapatsa madzi. Iwo maso pagalasi.

Anayang'ana nthawi yaitali. Pamaso pawo pomwe ina inayamba kubereka, ngati ndinaituma. Ndinaona pakamwa pawo pakufuna kumwetulira, koma anadzigwira. Akuti, "Nyumba ino mwayi udalowa, koma udasochera chitseko."

Za Helena akuti tikamba Lamlungu tikabwera ku Misa, a Saulos akafika.

A Kaitano, pofuna kusangalatsa amayi awo, anati mwina tiwakazingireko. Gogoyo anakana ndi manja awiri. "Ine nkhabe kudya. Nsomba yakuti nkazi akuithira munyu mwezi wathunthu? Mufuna munditsemphe?" Munyu ndiye mchere pa Chisena chawo. Ndiye nkhani yafala mzere wonse kuti nsomba za Otilia n'zotsempha. Amene ankafuna mabotolo asiya kubwera. Tsopano ngakhale kugawa sindingathe.

Helena ali kumudzi patchuthi, sakudziwa kanthu. Wanditumizira malambe.

Loweruka, 13 Ogasiti

Ndilembe msanga ndisanaiwale.

M'mawa tsiku losintha madzi. Ndatunga ndowa, ndatenga kapu ya mchere. Apongozi ali pamkeka akusenda mbatata, Fatuma wabwera kudzabwereka sefa. Gogoyo anafunsa mwa Chisena chawo, "Mbani anathira munyu ntsiku zako zire?" Kufunsa kuti masiku anga aja amandithirira ndani. Ankafuna andigwire kuti ndine wosalangidwa.

Ndinati ndimathira ndekha, Loweruka lililonse, chibwerere galasili. Akuti osadumphako? Ndinati osadumphako, chifukwa sizinachitike kuti Loweruka lindipeze ndili...

Ndinaima pomwepo, kapu m'manja.

Fatuma anakhala pansi n'kuvundikira nkhope ndi sefa, mapewa akugwedezeka. Akuti, "Amayi, ine mwanayu sanandiitane kudzathira mchere m'ndiwo zake chiyambire nsombazi. Ndimangomuyang'ana akudya masawu, ndimati ndione adzazindikira liti."

Chiyambire nsombazi. Juni.

Apongozi anasiya mpeni. Anandiyang'ana kumaso, pakhosi, pachifuwa, ngati akugula mbuzi. Anandiuza nditembenuke. Kenaka anadzuka, munthu wodandaula mawondo uja, n'kundilanda ndowa. Akuti, "Khala pansi. Ndowa iyi usanyamulenso." Mcherewo anathira okha, makapu atatu, ndinachita kuwagwira dzanja.

Palibe amene anatchula dzina la chinthucho. Sichitchulidwa. Ndipo akuti a Kaitano ndisawauze ine, akulu ndiwo amauza.

Ndikuopa. Ndikusangalala mpaka mseru. Kapena mseruwo ndi wina.

Lolemba, 15 Ogasiti

Kuchipatala cha mishoni ndi apongozi, iwo patsogolo ngati akupita kukalandira mphoto. Asisitere anandipima, anamwetulira, anati ndibwerenso mwezi wamawa. Za galasi lawo la nsomba akuti akalipentala akuyesa kupanga.

Msonkhano wa dzulo sunachitike. A Saulos anafika ndi jekete, anakhala, anakonza pakhosi. Amayi awo anawatuma akagule mchere. Atabwera anawatuma akaphe nkhuku ija. Kenaka anawauza kuti basi ikuwasiya. A Kaitano tsiku lonse ankangoyang'ana amayi awo, osamvetsa.

Lamulo latsopano: m'nyumba muno musaphedwe kanthu kamimba, ngakhale kansomba. Ndiye beseni lapita, mtsuko wapita, tsopano akuyang'ana mphika wanga waukulu. A Kaitano akuti, "Amayi, poyamba munkati n'zotsempha." Anawayankha kuti mwamuna amafunsa zambiri akakhuta.

Lachitatu, 17 Ogasiti

Apita m'mawa uno pa basi ya ku Bangula, akawolokera pa Chiromo.

Asananyamuke anandiitanitsa botolo. Anagwada okha pagalasi ndi sefa ya Fatuma, kusankha, kubweza, kusankha. Anafuna yamimba yaikulu kuposa zonse. Mchere anamanga pa nsonga ya chitenje, ndinawabwereza muyeso katatu. Ndinati ikafera panjira, kutentha kwa m'basi. Akuti aifungatira ngati khanda.

Ndinafunsa kuti akaiweta pati kumudzi kopanda magetsi. Akuti, "Si yanga. Ndikapereka kwa amayi ako m'manja, pakamwa panga sindikatsegula. Akamva okha." Atakwera, anatulutsa mutu pawindo. "Ndipo kamtsikana kaja kauzidwe kalimbike sukulu. Tidzafuna namwino mu Malichi."

Ndinayenda kubwerera ndikuseka ndekha mumsewu, mathirakita akundiimbira hutala.

Zotsala ndidzaona. Zina kwa Asisitere, zina kusukulu, zina kwa aliyense wolonjeza mchere. Zichuluke, zidzaze nyumba, a Kaitano azisambira mu kapu.

Iwo mpaka pano sakudziwa, amalume awo ndiwo adzabwere kudzawauza. Koma masana ano ndawapeza ayima pagalasi, akuyang'ana nsomba, akuyang'ana ine, akuyang'ananso nsomba. Afunsa chifukwa chake amayi awo anawalamula kuti ndowa ya Loweruka azinyamula iwo. Ndati sindikudziwa. Ndaluma mlomo mpaka kuwawa.

Fakitale yalira, akubwera, ndikumva belu la njinga yawo pakona. Akandifunsanso kachiwiri ine sindi