Kabotolo ka Ana Khumi

Lolemba, 6 Epulo

Pometera patsekedwa chifukwa cha mliriwu. Makina ometera m'kabati, ine pakhonde ngati mlendo. Mwana wathu, Abwana, akwanitsa miyezi isanu ndi inayi. Mano awiri, mutu ngati dzira, posowa n'pometa pomwe. Sikelo ya m'dera lino aimitsa kaye, akuti tisamaunjikane. Katemera wa chikuku ndiye kaya.

Lachinayi, 16 Epulo

Kuchipatala wapansi, minibasi kulibe. Abwana kumsana kwanga, amayi awo pambuyo akundiseka. Anamwino atibweza mwaulemu. Akuti kabotolo kamodzi n'ka ana khumi, akakatsegula m'mawa, pofika madzulo n'kotaya. Atsala nato tochepa, galimoto yobweretsa sikubwera. "Bambo, nditsegulire mwana mmodzi? Mubwere muli ambiri." Ambiri bwanji poti kusonkhana aletsa?

Lachiwiri, 21 Epulo

Mwana wa atelala watuluka totupa thupi lonse, maso psuu. Chikuku. Mpanda umodzi wokha pakati pathu. Ndikuopa, ndisaname. Abwana alibe nazo ntchito, akungoluma chipeso changa.

Lachisanu, 24 Epulo

Ndayamba kumeta khomo ndi khomo, masiki kukamwa. Ndalama sindikulandira. Malipiro ndi akuti mwana wanu abwere kukatemera Lachiwiri. Owotcherera zitsulo anati, "Iwe unesi wauyamba liti?" Ndinawameta mbali imodzi n'kuzimitsa makina mpaka anavomera. Amayi a Abwana aseka mpaka kugwira m'mimba. Kalekale ndisanawamve akuseka choncho.

Lachiwiri, 28 Epulo

Abwera kuchipatala! Ndinawandandalika motalikirana mpaka kumsewu, ine kukuwa ngati kondakitala. Akwathu ndinawaimika kumapeto, poti woitana anthu sadya poyamba. Kupusa kwanga. Ena anabwera ndi anzawo, ine osawerenga. Kabotolo kanathera pa mwana wa owotcherera, Abwana asanafike n'pakhomo pomwe.

Amayi awo anangondiyang'ana. Bola akanandikalipira.

Anamwino anayang'ana ine, anayang'ana mwana, n'kupukusa mutu. Anatsegula kabotolo kena. Abwana analira mpaka ine misozi lengelenge, bambo wamkulu ndi ndevu zanga.

Ndikuti ndithokoze, anamwino anandidula. "Zikomoyo musunge. Mwatsala mankhwala a ana asanu ndi anayi umu, ndipo sinditaya. Dzuwa lisanapendeke mukhale mutabwera nawo."

Ndangobwera kunyumba kudzatenga makina. Kuseri kwa msika kuli mapasa, bambo awo tsitsi lafika m'makutu.