Inki Yobiriwira mu Peni ya Ababa

Lolemba, 1 Disembala

Mzime, mng'ono wanga, wabwera ndi botolo la inki. Yobiriwira moderako ngati tsamba lokhwima la mango, m'kati muli tonyezimira tagolide. Akuti ikufanana ndi madiresi a operekeza mkwati. Akufuna mayina pa makadi a ukwati wake ndilembe ine pamanja, ndi peni ya malemu ababa, yothira inki ija.

"Asisi, poti iwo sadzakhalapo, peni yawo ikhalepo."

Ungakane bwanji mawu otero? Mwanayu anabadwa akudziwa pondigwira. Makadi ayenera kugawidwa Loweruka, ndipo apadera ndi ochepa.

Lachiwiri, 2 Disembala

Peni ndaipeza mu kabati, m'kathumba ka magalasi awo. Chimwalirireni palibe anailembera. Ndathira inki osayamba ndatsuka, phuma langa lomweli. Poyesera papepala wamba yalemba bwino, mpaka ndimamwetulira ndekha. Pa khadi loyamba dzanja langa ladutsa pa dzina lisanaume. Mzime anaiwala kuti ndine wamanzere, ndipo inkiyi kuuma kwake ndi kwaulesi. Makadi awiri apita kudzala.

Lachitatu, 3 Disembala

Zala zonse zobiriwira, sopo wakanika. Mnzanga wa kuofesi akuti, "Kodi mwayamba kumera ndere?"

Makadi ndayanika pabalaza ponse, pa mipando, pamwamba pa wailesi. Bambo a ana afika n'kukhazika kapu ya tiyi pa khadi la abusa. Akuti amayesa ndi chokhazikira makapu.

Lachinayi, 4 Disembala

Peni yaima. Tonyezimira tija tatseka kunsonga. Ndaigwedeza, yalavulira bulauzi yanga yoyera, koma papepala ayi ndithu.

Mzime waimba foni. "Mwafika pati, asisi?" Ndamuuza kuti ndatopa nazo, otsalawo ndilemba ndi bolopeni, anthu akubwera ku ukwati osati kudzaona inki. Iye wangoti, "Chabwino, mmene mwaoneramo." Kaliwu kaja. Bola akanandilalatira.

Ndakwiya naye, ndakwiya ndi botolo, koma chimene chikundiwawa n'chakuti mwina ndaipha peni ya ababa.

Lachisanu, 5 Disembala

Ndanyika nsonga m'kapu ya madzi ofunda, poti kunalibenso china chochita. Mwatuluka zobiriwira, zobiriwira, madzi bii. Ndasintha madzi. Kenako mwayamba kutuluka ya buluu, kamzere kowonda ngati utsi.

Ndi ija ababa ankasainira malipoti athu a kusukulu, atatsitsa magalasi pamphuno. Inaumira m'katimo zaka zonsezi. Ndaivuula msangamsanga peniyo kuti ingathere m'kapu.

Ndathiranso yobiriwira, osakhutchumula botolo, tonyezimira titsale pansi pomwepo. Ikulemba. Koma mtundu wake si wobiriwira, si wa buluu, ndipo ndi madiresi aja sizikuyandikana n'komwe. Ndapendeketsa khadi, dzanja m'munsi mwa mzere, ndamaliza onse khosi likuwawa. Mawa Mzime anene zimene anene.

Loweruka, 6 Disembala

Mzime wafika m'mawa, watenga khadi la pamwamba n'kupita nalo pawindo.

"Iyi si imene ndinagula."

Ndinali nditakonzeka kale kukangana. Ndamuuza kuti inki yakeyo ndi yamatama, yandiwonongera bulauzi, ndipo ya buluu akuionayo ndi ya ababa, inatsalira m'peni.

Wakhala pansi. Wayamba kuwaona limodzilimodzi. Oyamba kulemba dzulo buluu akuonekera bwino, otsiriza angotsala pang'ono kubiriwiriratu. Ine sindinazindikire n'komwe kuti imatha.

Wasankha la buluu kwambiri, la azakhali, waliika m'chikwama chake.

"Yatsalamobe?"

Ndati mwina pang'ono.

"Vindikirani. Musalemberenso, musatsukenso. Ndikasainira tsiku la ukwati."

Azakhali ndawalembera lina ndi bolopeni.