Chibwenzi changa cha ku Limbe chinathawitsa bambo anga

Agogo,

Ndine mphunzitsi ku Kaporo, kwathu kolima mpunga. Ndili pa chibwenzi ndi Chrissie, namwino wa ku Limbe amene anamutumiza kudzagwira ntchito pa Boma la Karonga. Atangofika ankangodandaula: kanema kulibe, basi imabwera ikafuna, nyuzipepala imafika nkhani zitazizira kale. Ine ndinkamuseka kuti, "Apa ndiye pa tauni pathu, kumudzi sunakuone."

Mwezi wathawu ndinamukweza pa njinga kukamuonetsa kwa makolo. Mtsinje unali utasefukira, tinawoloka madzi akulekeza m'chiuno, nsapato zili pamutu, iye akungoseka. Ndinasangalala zedi.

Zinavuta titafika. Kwathu kwa Ankhonde mtengwa sayang'anana ndi apongozi ake aamuna, ndipo ine ndinaiwala kumuuza. Chrissie analunjika kwa bambo, n'kuwagwira chanza akuwayang'ana m'maso, amvekere, "Muli bwanji, bambo?" Bambo anathawira m'nthochi, chipewa n'kutsala pa mpando!

Tsopano amayi akuti atsikana a m'tauni alibe mwambo. Chrissie naye wakwiya, akuti, "Anandithawa ngati ndili ndi mphere." Akufuna kupempha kuti amubwezere ku Blantyre, kumene kuli mipopi ndi magetsi. Agogo, ndimamukonda kwambiri. Nditani kuti asandisiye?

K.M., Kaporo, Karonga

Mdzukulu wanga K.M.,

Ndaseka mpaka misozi, koma wolakwa ndiwe. Ana a eni umawaphunzitsa tsiku lonse, wokondedwa wako n'kumusiya osamuuza kanthu? Ku Limbe kupereka moni wa chanza ndi ulemu, ku Kaporo kuthawa ndiye ulemu. Onse awiri amalemekezana, mbuli unali iwe.

Pita pa Boma Loweruka lino ukapepese. Umuuze Chrissie kuti bambo ako sathawa mlendo wamba, amuthawa chifukwa amutenga ngati mkazi wa mwana wawo. Kenaka upemphe azakhali ako amulangize za kwanuko, ndipo amayi uwauze kuti mwanayo sanadziwe. Umutengerenso mpunga wa m'munda mwanu atumize ku Limbe, akwawo aone kumene kumachokera zomwe amagula m'sitolo.

Koma chenjera: usamunamize kuti magetsi afika ku Kaporo chaka chamawa. Umuuze zoona, asankhe akudziwa. Ndipo fulumira, chifukwa makalaliki a pa Bomapo nawonso ali ndi maso.

Agogo