Zoterera za m'Paipi

Okondedwa azakhali,

Ndikhulupirira mwendo uja wasiya kuvuta. Ife tilipo, ntchito kophera nkhuku ikuyenda, kungoti Lolemba kunabwera a zaumoyo. Anadula paipi ya madzi otsukira nyama, kupisamo chala, n'kutulutsa zoterera ngati mamina. Akuti tizilombo timamanga nyumba m'menemo, mankhwala amangodutsa pamwamba. Ine ndimakwecha matebulo mpaka manja kusupuka, koma abwana akuti, "Wotsuka ndiwe, uyankha." M'paipi ndikanalowamo bwanji?

Anzanga awiri a kuntchito agonekedwa kuchipatala, akutsegula m'mimba. Zotsatira za kupima zoterera zija zituluka Lachisanu.

Nkhuku za kuntchito zija ndinapatsira alamu sabata yatha kuti akubweretsereni, musafulumire nazo. Kapena mwaphika kale? Mundiuze msanga mmene kadzukira kamdzukulu kanu.

Ndine mwana wanu,
amene mtima suli m'malo.