Chibwenzi changa chinapempha mkaka wa achemwali anga

Aphungu,

Ndine mtsikana wa zaka 26, ndimagwira ntchito m'sitolo ina pa Chitakale. Ndili pachibwenzi ndi Evance, mnyamata wofatsa, wosamwa, wopemphera. Matenda ake ndi amodzi okha: mkaka. Akuchita maphunziro apamwamba a ziweto ku Lilongwe, ndipo kafukufuku wake ndi woyeza mafuta ndi zomanga thupi zopezeka mumkaka wa mbuzi zathu zachikuda. Anzanga amalandira nyimbo zachikondi pafoni, ine ndimalandira zithunzi za mabere a mbuzi. Ndinazolowera chifukwa ndimamukonda.

Mwezi wathawu ndinapita naye kwathu, kufupi ndi Chonde, kuti akaonekere. Mayi anapha tambala, naphika mpunga ndi kalongonda. Malume anga a Mackson, omwe ndi eni mbumba, anavala jekete lawo la kutchalitchi. M'minibasi ndinali nditamulangiza kuti azikangoyankha zomwe wafunsidwa, ndipo poyamba anayesetsa ndithu.

Zinasokonekera pamene achemwali anga a Millie anatuluka m'nyumba akuyamwitsa khanda lawo. Iwowa ndi anthu anthabwala, ndiye anangoyamba chilamu. Anati, "Amuna anga, ndamva kuti kusukuluko mumakama mbuzi. Nanga ife akazi anu mwatitengera chiyani?" Evance anayankha kuti, "Alamu, inuyo ndi amene mungandithandize. Ndikufuna mkaka wa munthu pang'ono kuti ndiyerekeze ndi wa mbuzi." Tonse tinafa ndi phwete, ngakhale malume anagwedeza mutu kuti mnyamatayu chilamu amachidziwa. A Millie anati, "Tengani botolo, tidzaze pompano!"

Aphungu, Evance anatsegula chikwama n'kutulutsadi kabotolo. Anatulutsanso cholembera, n'kufunsa kuti mwanayo ali ndi miyezi ingati.

Kuseka kunathera pomwepo. A Millie anabisa bere msangamsanga, mayi anafunda chitenje kumutu. Tsoka lake, Evance akaona anthu ali chete amaganiza kuti akufuna kumva zambiri. Anatola kamtengo n'kujambula bere pansi, pamaso pa apongozi ake, kufotokoza momwe limapangira mkaka. Anati mumkaka wa mayi muli chinthu chopha tizilombo totsekula ana m'mimba, chomwe mumkaka wa mbuzi n'chochepa kwambiri. Anati ku Amerika akatswiri anatenga kachidutswa ka chibadwa cha munthu n'kuika mwa mbuzi, ndipo mbuzizo zimatulutsa mkaka wokhala ndi chinthucho.

Malume anafunsa modekha kuti, "Ndiye achimwene, mbuzi imeneyo ikafa, mumasenda kapena mumaitana amvano adzaimbe?" Evance anati, "Funso labwino kwambiri limenelo, malume." Apa malume anayamba kulankhula Chilomwe, chomwe amachisungira masiku a mkwiyo basi.

Pano nkhaniyi yafika paliponse. Amuna awo a achemwali angawo, omwe tsikulo anali kuntchito kumunda wa tiyi, anamva kuti mlendo anabwera ndi chigubu. Pamjigo akuti anamapopa asiya magazi, ayamba mkaka. Malume anena kuti ankhoswe a Evance asadzayerekeze kuponda pakhomo pathu, chifukwa iwo sakufuna adzukulu anyanga. Evance sakuona chomwe analakwa. Akuti tingopita kuboma tikalembetse ukwati wathu awiriwiri, n'kusamukira ku Lilongwe. Mtima ukundipweteka, Aphungu. Ndimamufuna, koma kukwatiwa mayi anga atafunda chitenje kumutu sindingathe. Ndichite chiyani?

T.G., Mulanje

Achemwali T.G.,

Mundikhululukire, kalata yanu ndaiwerenga ndikupukuta misozi ya kuseka. Koma nkhani yanu si yamasewera, ndiye tiyeni tiikambe.

Mnyamata wanuyo si wokhwima ayi. Okhwima safunsa chilolezo pagulu masanasana, ndipo salemba miyezi ya mwana pabotolo. Za mbuzi za kunjazo sananame, kafukufuku wotereyu anachitikadi, ndipo cholinga chake n'chopulumutsa ana. Mbuzi yoikidwa kachidutswako imakhalabe mbuzi, imadya nandolo wa eni ngati zinzake. Kwathu kuno sindinamvepo kuti zilipo, ndipo adzukulu a malume anu adzabadwa ndi mutu wosalala.

Komabe analakwa, ndipo musamunyengerere pomuuza. Mkaka wa mayi si ndiwo zoti mlendo n'kupempha pakhonde. Ngakhale anzake ophunzirawo ali ndi malamulo awo: amayamba apeza chilolezo, amadzera kuchipatala, ndipo mayi amavomera yekha atamvetsa bwino, osati pamaso pa malume ndi tambala. Akakana kumva za mwambo, mufunseni ngati aphunzitsi ake angasangalale atamva momwe amafunira kupezera mkakawo. Mudzaona akuyamba thukuta. Zojambula bere pamaso pa apongozi ndiye sindinena, agogo anga akanakomoka.

Choti musalole n'chakuti abwerere yekha kukafotokoza. Kufotokozako ndiye kunamugwetsa m'mbuna, ndipo akapitanso akajambula china. Atume malume ake, munthu wamkulu wodziwa kukhala pamphasa, anyamule nkhuku akapepese kwa a Mackson, kwa mayi anu, komanso kwa a Millie ndi amuna awo. Akapepesere chipongwe chokha. Za sayansi asakazitchule n'komwe, chifukwa kupepesa kokhala ndi "koma" kumaputa mlandu wina.

Inunso muli ndi ntchito. Yambani ndi a Millie, poti ndiwo anachititsidwa manyazi, ndipo munthu wanthabwala sasunga mkwiyo nthawi yaitali. Iwo akayamba kuiseka nkhaniyi pamjigo, mphekesera ija yafa. Mitima ikazizira, pemphani mlangizi wa ziweto wa m'dera lanu, amene malume amamudziwa kale, adzacheze nawo za ntchito ya Evance m'Chichewa cha anthu. Tsiku lomwe mnyamatayo adzaloledwe kubweranso, chikwama chidzatsale pa Chitakale, ndipo matumba a buluku mudzawasecheretu pasiteji. Akafika apemphe khasu kapena akonze khola. Kwa eni kulibe mkuwe, ndipo kwanuko mkamwini amamuweruza poona thukuta lake.

Dzifunseninso nokha ngati mungapirire munthu wotere moyo wanu wonse, chifukwa sadzasintha kwenikweni. Walira mvula walira matope. Mukaona kuti mungathe, gwiritsitsani, amuna okonda ntchito yawo chotere si ambiri.

Koma zothawira kuboma awiriwirizo, ayi ndithu. Mukatero mutsimikizira mudzi wonse kuti panalidi chobisa, ndipo mayi anu ndi amene adzatsale ndi manyaziwo. Chikalata cha ukwati n'chabwino, mudzachitenge pambuyo pake, koma sichiweruza milandu. Banja lililonse limakhala ndi tsiku lomwe mkazi amamanga katundu akulira, kufuna wamkulu woti amve mbali yake. Mukawadumpha a Mackson lero, tsiku limenelo mudzapeza kuti ku Lilongweko amene amakudziwani bwino ndi mbuzi zokha.

Aphungu