Tambala wa Chinkhoswe cha Chisoni

Lolemba, 9 Juni
Apolisi amutenga Lyford ku Lirangwe dzulo. Mlandu wokwatira mwana. Mwanayo ndi Chisoni, wa mlongo wanga, zaka 16. Nkhoswe wake ndine. Tambala wa akuchimuna ndinalandira ndine, mudzi wonse ukuona, ndipo ali pakhomo pano, kulira ngati amulipira. Ndikuopa. Tsiku lonse pageti la kuntchito maso ali kumsewu.

Lachitatu, 11 Juni
Anthu sachedwa kutembenuka. Mwezi watha nthungululu pachinkhoswe, lero mu minibasi ya ku Chileka aliyense wasanduka loya. A Fyness, omwe anavina mpaka chitenje kumasuka, akuti, "Ife tinkadziwa kale kuti n'zolakwika, kamwana ngati kaja!" Kale lake liti? Amayi anakwatiwa choncho, alongo anga choncho, palibe anatsinya nkhope. Lamulo la zaka 18 tinkalimva pawailesi, n'kumati n'za anthu a m'tauni.

Lachisanu, 13 Juni
Galimoto ikangoima pamsewu, ndimangoti ndi apolisi. Ulonda wanga wa kufupi ndi bwalo la ndege sufuna munthu wa mlandu. Abwana akangomva, yunifolomu ndivula tsiku lomwelo. Ndauza mkazi wanga Malita aphe tambalayo, ndisamuonenso. Wangoti mpeni ndi wobuntha.

Lolemba, 16 Juni
Kalata yafika. Ndikaonekere kupolisi Lachitatu, 8 koloko m'mawa. Chisoni wabwerera kwa mayi ake, akuti ayambiranso Fomu 1. Mlongo wanga sakuyankha foni. Kutchalitchi dzulo benchi yonse ndekha. Koma anakanena kupolisi ndani? Ndikuganizira aphunzitsi a Chisoni, a njinga yofiira. Chakudya sichikulowa.

Lachiwiri, 17 Juni
Masana Malita amasita malaya anga a mawa. Ndinati ndikangomudziwa kazitapeyo, aona zakuda. Osadzutsa n'komwe mutu anati, "Bambo a Tione, ine munanditenga ndili ndi zaka zingati?"

15. Ndinayankha chamumtima. Zaka 22 nyumba imodzi, sindinamufunsepo ngati ankafuna.

Kenako anati, "Ndinakanena ndine. Nthawi yanga kunalibe kokanena."

Ndinafuna kukalipa. Mwana wathu Tione akwanitsa zaka 14 mu Ogasiti, ndipo anali pakhonde akusenda mbatata, akumva zonse.

Malaya wasita bwino, kolala chilili. Akuti mawa andiperekeza.